Tifunse kaye tisanagule mavitamini a mbande

Alimi anzathu, nyengo yowokera mbande ikayandikira, amalonda nawonso amakonzeka. M'masitolo ogulitsa zipangizo zaulimi mumakhala timabotolo tokongola tolembedwa mawu okopa m'Chingerezi, ndipo masiku ano malonda ake akulengezedwanso pa WhatsApp ndi pa Facebook. Ena mwa mabotolowa akuti muli mavitamini a mbewu. Ogulitsa amati mukadontheza pang'ono m'madzi othirira, mbande sizifota mukaziwokera, nthambi zodula zimatulutsa mizu msanga, ndipo maluwa a m'nyumba omwe ayamba chikasu amatsitsimuka. Mawu akuti vitamini amatikopa chifukwa timawamva kuchipatala ndi ku sikelo, kumene mavitamini amathandizadi ana athu. Motero n'chapafupi kuganiza kuti chomwe chimalimbitsa mwana chilimbitsanso mbande.

Maganizo athu ngati bungwe la alimi ndi awa. Palibe umboni woti vitamini B1, yemwe amatchulidwa pa mabotolo ambiri otere, amathandiza mbande kugwira. Nkhaniyi inafufuzidwa zaka zoposa 80 zapitazo ndipo yankho lake linapezeka. Choncho mlimi wamng'ono, yemwe kwacha iliyonse amaipeza atakhetsa thukuta, asathamangire kugula botolo lotere asanadziwe zomwe zili m'kati mwake, komanso asanaone ndi maso ake kuti likusintha kanthu m'munda. Boma nalo lili ndi udindo woonetsetsa kuti zolembedwa pa mabotolowa ndi zoona.

Kodi nkhaniyi inachokera kuti?

M'zaka za m'ma 1930, akatswiri a sayansi ya zomera ankafuna kudziwa zomwe mizu imafuna kuti ikule. Iwo ankadula nsonga za mizu n'kuziika m'mabotolo agalasi momwe munali madzi, shuga ndi michere, popanda tsinde kapena tsamba lililonse. M'chaka cha 1937, James Bonner wa ku California Institute of Technology m'dziko la America anaonetsa kuti mizu ya nsawawa yodulidwa motere imafuna vitamini B1, yemwe dzina lake lina ndi thiamine, kuti ipitirize kukula. Zimenezi zinali zoona ndipo ndi zoonabe. Mpaka lero, akatswiri ochulukitsa mbewu monga nthochi m'mabotolo agalasi amasakaniza vitaminiyu m'chakudya cha tiziduswa ta mbewuzo.

Vuto linayamba pamene nkhaniyi inatuluka m'nyumba zochitiramo kafukufuku n'kulowa m'magazini. Cha m'ma 1939, olemba nkhani za maluwa ku America anayamba kutamanda vitamini B1 ngati mankhwala odabwitsa, okulitsa maluwa ndi kuteteza mitengo yowokeredwa kuti isafote. Amalonda sanachedwe kumuika m'mabotolo. Koma akatswiri ena atamuyesa pa mbewu zathunthu, za masamba ndi mizu yomwe, zotsatira zinali zosiyana. Mmodzi mwa iwo anali Daniel Arnon wa ku University of California, yemwe mu 1940 anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti mbewu zobiriwira zopatsidwa vitaminiyu sizinakule kuposa zomwe sizinapatsidwe. Kafukufuku wa zaka zotsatira, pa ndiwo zamasamba, maluwa ndi mitengo, wakhala akupeza zomwezo.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mbewu yomwe ili ndi masamba imadzipangira yokha vitamini B1 m'masambamo, n'kumutumiza ku mizu. Tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'nthaka timamupanganso. Muzu wa m'botolo uja unkamufuna chifukwa unalibe masamba oti aupangire. Ife anthu ndiye sitingathe kumupanga m'matupi mwathu, ndipo timamupeza podya mtedza, nyemba, mgaiwa ndi mpunga wosapuntha kwambiri. Gaga yemwe timapatsa nkhuku ndi nkhumba ali naye wambiri. Kunena mwachidule, vitaminiyu amachokera ku mbewu kubwera kwa ife. Kugulira mbande vitamini B1 kuli ngati kunyamula usipa kukapatsa msodzi kunyanja.

Nanga anzathu omwe amati zinawathandiza?

Tikudziwa kuti alipo alimi omwe anathira mankhwalawa ndipo mbande zawo zinagwira bwino. Sitikunena kuti akunama, koma pali zifukwa zitatu zomwe tiyenera kuziganizira.

Choyamba, mbande yowokeredwa imafota kwa masiku awiri kapena atatu chifukwa timizu take ting'onoting'ono toyamwa madzi taduka pozula. Ikapeza chinyezi imatulutsa timizu tina n'kudzuka yokha. Yemwe anathira mankhwala tsiku loyamba adzathokoza botolo pa ntchito yomwe mbewu yagwira yokha.

Chachiwiri, munthu akawononga ndalama pa botolo amasamala kwambiri. Amathirira pa nthawi yake, amaphimbira, amayendera mbande zake m'mawa ndi madzulo. Chisamaliro chimenechi ndi chomwe chimabweretsa kusintha.

Chachitatu, mabotolo ena ali ndi zinthu zina kupatula vitamini, ndipo zina mwa izo zimagwiradi ntchito. Chitsanzo chodziwika ndi SUPERthrive, mankhwala a ku America omwe John Thomson anayamba kugulitsa cha m'ma 1940. Pa botolo lake lakale pankalembedwa kuti muli vitamini B1 wokwana 0.09 peresenti komanso mankhwala otchedwa NAA okwana 0.048 peresenti. NAA si vitamini ayi. Iye ali m'gulu la mankhwala otsanzira homoni yomwe imachititsa mbewu kutulutsa mizu. Mu 1935, Percy Zimmerman ndi Frank Wilcoxon a ku Boyce Thompson Institute ku New York anaonetsa kuti NAA ndi mnzake IBA amathandiza nthambi kutulutsa mizu. IBA ndi yemwe ali mu ufa woviikamo nthambi monga Seradix, wodziwika m'nazale za ku South Africa, womwe umabwera pa mphamvu zitatu: nambala 1 wa nthambi zanthete, nambala 2 wa zapakatikati, ndi nambala 3 wa nthambi zokhwima.

Choncho ngati cholinga chanu ndi kumeretsa mizu pa nthambi zovuta, gulani mankhwala omwe alemba poyera dzina la homoni ndi kuchuluka kwake, ndipo tsatirani muyeso. Homoniyi ikachuluka imalepheretsa mizu kutalika ndipo imapotokola masamba. Tisaiwale kuti 2,4-D, mankhwala opha udzu wa masamba aakulu, ali m'gulu lomweli, ndipo tomato ndi imodzi mwa mbewu zosachedwa kuwonongeka ndi mankhwala a m'gululi.

Mabotolo enanso amakhala ndi feteleza pang'ono. Feteleza wosungunula pang'ono m'madzi pa nthawi yowokera, makamaka wokhala ndi fosifolasi, amathandizadi mbande kuyamba bwino. Koma apa tiyeni tiwerengetsere. Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitrojeni, ndipo izi zimalembedwa pathumba. Kabotolo kogwiritsa ntchito modontheza kali ndi michere yochepa zedi poyerekeza ndi thumbalo. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zipangizo zonse zochokera kunja inakwera, ndipo mabanja ambiri anachepetsa feteleza wothira m'munda. Ndalama yomwe yapita ku kabotolo ndi ndalama yomwe yachoka pa mbewu yabwino, pa feteleza, kapena pa ganyu wotuta manyowa.

Zomwe zimachititsa mbande kugwira

Chomwe chikutidetsa nkhawa kwambiri si ndalama yokha. Mlimi yemwe wauzidwa kuti botolo liteteza mbande zake akhoza kuyamba kunyozera ntchito zomwe zimatetezadi mbande. Adzazula dzuwa lili paliwombo, adzawokera mbande zanthete, kenako zikafa adzataya mbewu, nthawi komanso msika wa kumayambiriro womwe umakhala ndi mitengo yabwino. Pa chifukwa chimenechi tikukumbutsana zomwe alangizi akhala akutiphunzitsa.

Mbande za tomato ndi kabichi zimakhala zoyenera kuwokera pakatha masabata anayi kapena asanu chifesereni, zikatalika masentimita 10 mpaka 15 ndipo zili ndi masamba enieni anayi kapena kuposerapo. Anyezi amatenga masabata 6 mpaka 8. Mbande zokalambira pa nazale zimachedwa kugwira ngakhale mutazithira chiyani. Kutatsala masiku 7 mpaka 10, yambani kuzikhwimitsa: chepetsani madzi pang'onopang'ono ndipo chotsani mthunzi kuti zizolowere dzuwa. Alimi a fodya amaidziwa bwino ntchitoyi, ndipo palibe wa iwo yemwe angaisinthanitse ndi mankhwala.

Tsiku lowokera, thirirani bedi mokwanira maola angapo musanazule kuti dothi lifewe. Zulani ndi kamtengo kapena supuni kuti mbande ituluke ndi dothi lake ku mizu, osati kuikoka ndi dzanja. Zulani zokhazo zomwe mungathe kuwokera nthawi yomweyo, ndipo zisungeni pamthunzi. Wokerani madzulo kapena tsiku la mitambo, tsinderani dothi kuti likhudzane ndi mizu, thirirani nthawi yomweyo, ndipo phimbirani ndi udzu wouma. Masiku atatu oyambirira, kanthambi ka masamba kozikidwa pambali kamapereka mthunzi wokwanira. Manyowa oika m'phando akhale owola bwino, chifukwa aawisi amawotcha mizu.

Kwa omwe akudzala mitengo m'nyengo yodzala mitengo ya dziko lino, yomwe imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, mfundo zake ndi zomwezi. Mbande za m'machubu zizisunthidwa ndi kuduliridwa mizu yomwe yatulukira pansi zikadali pa nazale. Maenje akumbidwe mvula isanayambe, ndipo a mitengo yazipatso akhale aakulu, osachepera masentimita 60 mbali zonse. Dzalani mvula ikakhazikika, kumayambiriro kwa nyengoyi, kuti mizu izame chilimwe chisanafike. Chotsani chubu podzala. Mitengo yambiri yomwe imafa m'midzi mwathu imafa ndi kudzala mochedwa, udzu, chiswe, mbuzi ndi moto wolusa, ndipo palibe vitamini yemwe angaletse mbuzi.

Pa mbewu zodzala nthambi, makolo athu akhala akudzala chinangwa ndi mbatata popanda botolo lililonse, chifukwa mbewuzi zimatulutsa mizu mosavuta. Chofunika ndi mbewu yaukhondo. Mitengo ya chinangwa, kaya ndi Manyokola kapena Sauti, itengedwe ku mbewu zokhwima, zopanda khate, idulidwe ndi chikwanje chakuthwa masentimita 25 mpaka 30, ndipo isakhalitse padzuwa. Kholowa wa mbatata monga Kadyaubwerere kapena Zondeni atengedwe kunsonga, masentimita 25 mpaka 30, ku mbewu zopanda matenda ndi nankafumbwe, ndipo mfundo zosachepera zitatu zikwiriridwe m'dothi lachinyezi. Kuviika mtengo wa khate m'mavitamini sikuuchiritsa. Matendawa ali m'kati mwa mtengowo ndipo adzatuluka ndi masamba oyamba.

Tili ndi mamembala ena, makamaka amayi ndi achinyamata, omwe amapeza ndalama pogulitsa maluwa ndi mbande m'mbali mwa misewu ya ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu. Iwowa ndi omwe amafunsidwa kawirikawiri ndi makasitomala kuti duwa la m'nyumba likamachita chikasu alithire chiyani. Nthawi zambiri duwa lotero limakhala likufa ndi madzi ochuluka, mphika wopanda chiboo pansi, kapena mdima. Mizu yokhala m'madzi imasowa mpweya n'kuwola. Kulithiranso madzi a mavitamini ndi kuwonjezera vuto. Muuzeni kasitomala aboole mphika, asakanize dothi ndi mchenga komanso kompositi, aliike pafupi ndi windo, ndipo azithirira pokhapokha dothi lapamwamba likauma. Kasitomala yemwe duwa lake lapulumuka adzabweranso kudzagula lina.

Tiyese tokha m'makalabu athu

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Sitikuletsa aliyense kuyesa zinthu zatsopano, pakuti ulimi umapita patsogolo ndi kuyesa. Koma kuyesa kwenikweni kumafuna kuyerekeza. Ngati kalabu yanu ikufuna kudziwa zoona za botolo lina lililonse, sonkhani ndalama mugule limodzi lokha, m'malo moti aliyense agule lake.

Tengani mbande 60 za pa bedi limodzi, zofanana msinkhu, muzigawe patatu. Mbande 20 muzithirire madzi okha, 20 madzi osakaniza ndi mankhwalawo pa muyeso womwe walembedwa, ndipo 20 zina muziikire manyowa owola m'phando. Zonse ziwokeredwe tsiku limodzi, pa dothi lofanana, ndipo zilandire madzi ofanana. Chitani zimenezi m'minda ya mamembala atatu kapena anayi, chifukwa munda umodzi ukhoza kunamiza. Pakatha masabata awiri werengani zomwe zagwira, ndipo pokolola yezani pa sikelo. Ngati n'kotheka, wowerenga akhale munthu yemwe sakudziwa kuti mzere wothiridwa mankhwala ndi uti, popeza maso amakonda kuona zomwe mtima ukufuna. Mlembi wa kalabu alembe zonse, mlangizi aitanidwe kudzaona, ndipo zotsatira zikambidwe pa msonkhano kuti makalabu ena apindule nazo. Zikapezeka kuti mankhwalawo athandiza, pamatsala funso lina: kodi zokolola zowonjezerazo zikubweza mtengo wa botolo?

Pogula, werengani zolembedwa pa botolo, kapena pemphani wina akuwerengereni. Fufuzani maina a zinthu zomwe zili m'kati ndi kuchuluka kwake, muyeso wake, dzina ndi keyala ya wopanga, komanso tsiku lomwe mankhwalawo athere mphamvu. Botolo lomwe likulonjeza kuchiritsa chilichonse pa mbewu iliyonse koma silikunena zomwe zili m'kati, lisiyeni pa shelefu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musagule mankhwala otsanuliridwa m'mabotolo a zakumwa, ndipo nthawi zonse pemphani lisiti.

Pempho lathu kwa boma ndi amalonda

Si chilungamo kusiyira mlimi yekha ntchito yosiyanitsa choona ndi chabodza pamene dziko lili ndi mabungwe omwe anakhazikitsidwa kuti agwire ntchito imeneyi. Choncho tikupempha zinthu izi.

Tikupempha Unduna wa Zamalimidwe, kudzera m'malo ochitira kafukufuku monga Bvumbwe ndi Chitedze, mogwirizana ndi sukulu ya ukachenjede ya LUANAR, kuti uyese mankhwala olimbikitsa kukula kwa mbewu omwe akugulitsidwa kwa alimi, pa mbewu zathu ndi pa dothi lathu. Zotsatira zake zisathere m'malipoti a Chingerezi. Zilengezedwe pa wailesi m'zinenero zomwe alimi amamva, ndipo zifike kwa alangizi m'madera onse.

Tikupempha bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi nthambi zina zoona za zipangizo zaulimi kuti zionetsetse kuti botolo lililonse lalembedwa zonse zomwe zili m'kati ndi kuchuluka kwake, ndipo malangizo a kagwiritsidwe ntchito alembedwenso m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Mankhwala omwe ali ndi homoni asabisale kumbuyo kwa mawu akuti vitamini, popeza muyeso wake ukalakwika mbewu zimawonongeka.

Tikupempha bungwe la Competition and Fair Trading Commission kuti liyang'ane malonda olonjeza zinthu zopanda umboni, kuphatikizapo omwe akuyenda pa mafoni. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula kuyambira chaka cha 2003, ndipo mlimi wogula zipangizo naye ndi wogula woyenera kutetezedwa. Wogulitsa akanena kuti mankhwala ake amaletsa mbande kufota, aonetse komwe anayesedwa ndi zomwe zinapezeka.

Kwa eni masitolo a zipangizo zaulimi, ife timakuonani ngati abwenzi athu pa chitukuko. M'madera ambiri momwe mlangizi mmodzi akutumikira midzi yochuluka, mlimi amayamba wafunsa inu asanafunse wina aliyense. Musaononge chikhulupiriro chimenechi chifukwa cha phindu la tsiku limodzi. Itanitsani katundu yemwe mungathe kufotokoza ntchito yake, ndipo mlimi akabwera ndi ndalama yochepa, muuzeni zoona za chomwe ayenera kuyamba kugula.

Kwa atsogoleri a makalabu ndi alimi otsogola, ikani nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana ntchito yowokera isanayambe. Konzani tsiku loti mamembala adzaonerere kakhwimitsidwe, kazulidwe ndi kawokeredwe ka mbande pa nazale ya mmodzi wa inu, ndipo amayi ndi achinyamata, omwe amagwira gawo lalikulu la ntchito ya kudimba, asatsalire. Pamene pagulitsidwa mankhwala okayikitsa, dziwitsani mlangizi ndi atsogoleri a bungwe m'dera lanu, mutasunga botolo ndi lisiti. Mutu umodzi susenza denga, ndipo dandaulo la makalabu khumi limamveka kuposa la munthu mmodzi.

Alimi anzathu, ndalama ya zipangizo ya chaka chino ndi yochepa m'mabanja ambiri. Tiyeni tiyambe ndi mbewu yabwino, manyowa, feteleza wodziwika ndi madzi, ndipo botolo lililonse lomwe likufuna gawo la ndalamayi liyambe latiuza zomwe zili m'kati mwake ndi kuonetsa ntchito yake pa mzere woyesera.